Ambulera ya a Namakhwa

Dzulo tawaika m'manda a Namakhwa. Lero sindinapite ku sukulu chifukwa amayi anati ndithandize kubweza mipando ndi mapoto kwa eni ake. Ndamaliza, ndakhala pakhonde, ndipo ndaganiza zolemba za iwo tsopano lino, mawu awo akadali m'makutu mwanga. Ndikachedwa ndidzangokumbuka kuti anali gogo wa jekete yakuda ndi ambulera, basi, monga mmene anthu ayambira kale kunenera.

Sanali agogo anga enieni. Ife timachita lendi m'zipinda za kuseri kwa nyumba yawo, kuno kumtunda kwa Limbe, kuyambira ndili wakhanda, ndiye ndinakula ndikuwatchula agogo. Dera lonse linkawatchula a Indiyana. Ngakhale makondakitala akawaona akutsika ndi ndodo yawo ankamenya chitseko cha minibasi n'kukuwa kuti, "Dalaiva, ima kaye, a Indiyana akwere!" Dzina limeneli sankadana nalo. Limene ankadana nalo linali loti a khansala.

Kwathu kuno munthu akangokhalapo pa udindo, dzina la udindowo salivulanso mpaka kumanda. Amene anali tcheya wa komiti ya sukulu ine ndisanabadwe, mpaka lero ndi a tcheya, ndipo pamaliro amawafunira mpando wa pulasitiki kutsogolo. A Namakhwa anakhalapo khansala wa dera lathu kwa teremu imodzi, koma tsiku limene anachoka anasiyanso dzinalo. Munthu akawapatsa moni woti "mwadzuka bwanji a khansala", ankacheuka n'kuyang'ana kumbuyo kwawo ngati akufunafuna munthu, kenako n'kumuuza kuti khansala amakhala nyumba ya geti lobiriwira, apite akamudzutse kumeneko. Pamaliro akawalozera mpando wa kutsogolo, ankadutsa n'kukakhala pa njerwa pamodzi ndi azibambo ena onse, jekete yawo yabwino ija n'kudetsedwa ndi fumbi. Ena ankati ndi kudzichepetsa. Ena ankati ndi matama a mtundu wina. Amayi anga amati zonse ziwiri zinalimo.

Za Indiyana zinayamba ali mnyamata. A mpingo anawatumiza ku Amereka kukaphunzira za uphunzitsi, ku chigawo china chotchedwa Indiyana. Za maphunzirowo sankakamba kwenikweni. Za kuzizira ankangoti kunawapweteka makutu. Chimene anabwera nacho m'mutu chinali mtengo wouma. Pa tchuthi china, mayi wokalamba amene ankawasunga anawatengera ku katauni kakang'ono ka kum'mwera, n'kuwaonetsa thunthu la mtengo limene anthu analimangira miyala kuzungulira kuti lisagwe. Anawauza kuti pamene chigawocho chinkayamba kudzilamulira, amuna amene anasankhidwa kukapanga malamulo ake anaona kuti m'nyumba ya msonkhano mukutentha kwambiri, ndiye anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo umenewo. Malamulo aakulu a chigawo chonse anakambidwa pamthunzi, aliyense wodutsa akumva.

Nkhaniyi inawalowa m'magazi. Atsogoleri oyamba a chigawocho ankawadziwa ngati abale awo. Ankakamba za msungichuma amene anakweza katundu yense wa boma pa ngolo pamene likulu linkasamuka, n'kudutsa naye m'nkhalango, akugona panjira pamodzi ndi banja lake. Ankakamba za oweruza milandu amene ankayenda pa akavalo kuchoka tauni ina kupita ina, n'kufika pa bwalo la milandu matope ali m'mawondo. Ankawatchula mayina mmodzimmodzi, koma ine sindinawasunge, poti ndinkaganiza kuti mawa adzawatchulanso. Ankati ambiri mwa amuna a pansi pa mtengo aja anali alimi ndi alaliki, ndipo atatha ntchito imene anawatuma anakwera akavalo awo kubwerera ku minda yawo. Ankatinso anadziikira okha malire, kuti bwanamkubwa asamakalambire pampando.

Chimene chinkawakhudza kwenikweni ndinachimvetsa nditakula. Bambo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki ndi mtolo pamutu, n'kuthyola tiyi m'maesiteti asanafike m'tauni muno. A Namakhwa anabadwira kuno, anaphunzitsa ana a kuno moyo wawo wonse, komabe mkangano ukafika poipa pankapezeka wina wowakumbutsa kuti ndi obwera. Ndiye ankakonda kunena kuti amuna a pansi pa mtengo aja pafupifupi onse anali obwera, obadwira kwina, ndipo panalibe amene anafunsa mnzake kumene kuli manda a agogo ake. Akafika pamenepa ankagogoda ndodo pansi.

Munthu yekhayo amene ankawatsutsa pamaso anali Che Bwanali, mnzawo wakalekale, dalaivala wopuma wa malole. Madzulo akamachokera ku mzikiti ankapatukira pakhonde pa a Namakhwa kudzamwa tiyi ndi kudzakangana. Ine ndinkatsuka mbale pa mpope, ndikumva zonse.

"A Indiyana, tandiuzani bwinobwino. Pamene azungu anuwo ankapitidwa mphepo pansi pa mtengo, eni ake a mtengowo anali kuti?"

"Che Bwanali, mwayambanso."

"Ayi, ndikungofunsa. Munandiuza nokha kuti kunali anthu kale kumeneko. Anawapatsako mpando?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Ndi yomweyo. Ine ndayendetsa lole mpaka msana kupindika. Ndikaona munthu wakhala mwaufulu kutsogolo, ndimadziwa kuti pali wina amene amutsitsa panjira. Nanga bwanamkubwa wanu woyamba uja, si paja munati anathera ku kachasu?"

"Sanali kachasu."

"Kachasu wa chizungu. Anafa alibe ndi nkhuku yomwe, manda ake n'kukhala opanda chizindikiro. Ameneyo ndiye mukufuna ana athu atengere?"

A Namakhwa ankalanda kapu ya tiyi, ngakhale isanathe, n'kunena kuti mawa asabwerenso. Mawa lake Che Bwanali ankabwera ndi mandasi m'pepala, mkangano n'kuyambira pamene unalekezera.

Anthu amene anawadziwa m'zaka zomalizira zokha amawakumbukira ambulera. Inali yaikulu, yakuda, waya wake umodzi womangidwa ndi ulusi. Tsiku lililonse dzuwa likakwera ankavala jekete n'kutsikira ku msewu waukulu, pafupi ndi siteji ya minibasi, pamene mayi wina, Anachisale, amayala tomato ndi anyezi pa thumba. Ankaima pambali n'kutambasula ambulera ija, osati pamutu pawo, koma pamwamba pa tomato ndi pa mwini tomatoyo. Dzuwa likasuntha, iwonso ankasuntha. Mkono ukatopa ankasinthira wina. Anachisale sankawayankhula. Sankawapatsa moni, sankawayang'ana, ankangogulitsa ngati pambali pawo pali mtengo wa magetsi. Ogula achilendo ankayesa kuti ndi amuna awo. Ena ankanong'ona kuti mutu wayamba kusokonekera. Anyamata oitanira minibasi ankawaseka. "Madala, ganyu ya mthunziyi ikulipira bwanji? Tilembeniko nafe!" Iwo ankangoyang'ana kumwamba kuona kumene dzuwa lafika.

Ambulerayi singamveke popanda nkhani ya mkuyu.

Pamene pali mpanda wautali wa njerwa lero, kuseri kwa siteji, panali bwalo, ndipo pakati pake panali mkuyu waukulu. Pansi pake pankakwana amayi onse ogulitsa ndiwo zamasamba, usipa, makala ndi zitumbuwa, n'kutsalanso malo a wosoka nsapato. Anachisale anayamba kugulitsa pamenepo ali ndi mwana woyamba kumsana. Amuna awo atamwalira, ana onse ankawalera ndi kuwaphunzitsa ndi tomato wa pansi pa mkuyu. Koma bwalolo linali pamalo abwino, m'mbali mwa msewu, ndipo panali munthu wina wa ndalama amene ankalifuna kuti amangepo masitolo.

N'chifukwa chake amayi a pamkuyu anapita kwa a Namakhwa, atapuma kale uphunzitsi, kukawakakamiza kuti aimire ukhansala. Anavomera, koma ananeneratu kuti ndi teremu imodzi yokha. Pa msonkhano wina wa kampeni mwamuna wina anakuwa kuti akalamulire kwawo ku Mozambiki. Anachisale anamugenda ndi tomato wowola pakamwa penipeni, ndipo anthu amaisimbabe nkhaniyi mpaka lero. A Namakhwa anapambana.

Atapambana anakana kuchititsa misonkhano m'holo ya sukulu kapena m'nyumba mwawo. Anati zonse za dera zizikambidwa pansi pa mkuyu, masana, msika uli mkati. Ndinali wamng'ono koma ndimakumbuka. Iwo ankakhala pa benchi la wosoka nsapato, nkhuyu zikugwera pa mapepala awo. Mayi ankatha kuyankhula za mpope wowonongeka uku akuunjika tomato wa kasitomala, n'kuima kaye pakati pa mawu kuti apereke chenji. Mbuzi zinkadutsa pakati pa msonkhano. Nthawi zina ankakangana mpaka dzuwa kupendeka popanda chogwirizana, koma a Namakhwa ankabwera kunyumba akuimba nyimbo za kwaya, nsapato zili mbuu.

Munthu akabwera kunyumba ndi nkhani ya malo, atanyamula nkhuku kapena kenakake m'thumba la jekete, ankamulandira bwino, kumupatsa tiyi, n'kumuuza kuti nkhani yake ndi yokoma kwambiri, si yoti aimve okha, akaikambe Loweruka pa mkuyu. Ambiri sankaonekanso. Wa masitolo uja anabwera kangapo pa galimoto yake. Yankho linali lomwelo. Pa mkuyu sanafike, ndipo bwalo linakhala.

Teremu itatsala pang'ono kutha, Lamlungu lina titangochoka ku tchalitchi, amayi a pamkuyu anabwera kunyumba. Anadzaza pabwalo ponse, ena mpaka anakhala pa masitepe a kwathu. Che Bwanali analiponso. A Namakhwa anatuluka asanavule tayi. Anachisale ndiwo anayankhula, atagwada pa dothi.

"Bambo, tabwera kuti muimirenso."

"Mayi, dzukani. Ndinanena pachiyambi pomwe kuti ndi teremu imodzi."

"Munanena, tinamva. Koma wa masitolo uja sanagone. Wapeza kale mnyamata wake woti aime. Inu mukachoka, mkuyu wapita."

A Namakhwa anayamba kufotokoza za amuna aja, mmene anakwerera akavalo kubwerera ku minda, mmene anadziikira malire popanda wowakakamiza. Anachisale sanadikire kuti amalize.

"Bambo, ife ku Indiyana sitinafikeko. Ife tili ndi tomato."

Amayi ena anaseka, koma Anachisale sanaseke.

"Mpandowu si wanga," anatero a Namakhwa. "Ndikakhalitsa mudzayamba kuganiza kuti mkuyu waima chifukwa cha ine. Waima chifukwa cha inu. Sankhani wina, mumuuze kuti zonse pa mkuyu, ngati kale."

"Wina wake uti? Ndani angalimbane ndi zitenje ndi sopo zimene akugawa kale? Inu anthu amakuopani chifukwa munawaphunzitsa. Wina adzangomupondaponda."

Apo Che Bwanali anatsokomola. Tsiku limenelo sanawatchule a Indiyana.

"A Namakhwa, lero asiyeni azungu akufawo apume. Awa ali apawa ndi amoyo."

"Che Bwanali, ndikasintha mawu anga lero pa chifukwa chabwino, wobwera pambuyo panga adzasintha ake pa chifukwa choipa, n'kumati a Namakhwa anachitanso chimodzimodzi. Ndiye tidzamuletsa bwanji?"

Anachisale anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa dothi pa chitenje.

"Tamva. Mukufuna kufa ndi manja oyera. Palibe kanthu, bambo. Ife tidzafa ndi dzuwa."

Anatuluka pa geti, amayi onse n'kuwatsatira. A Namakhwa anatsala ataima pakhonde, tayi ili m'khosi. Che Bwanali anachoka osatsanzika, ndipo masiku angapo sanabwere kudzamwa tiyi.

Amayi aja anayesa. Anaimitsa mphunzitsi wina wachinyamata, a Namakhwa n'kuyenda naye khomo ndi khomo. Sizinathandize. Anapambana mnyamata wa galimoto yoyera, wa nyumba ya geti lobiriwira. Misonkhano yake ankachitira m'malesitilanti a m'tauni, ndipo ife tinkangomva kuti zakambidwa. Chaka chisanathe kunatuluka mapepala oti bwalo lili ndi mwini wake.

Tsiku lodula mtengo linali la sukulu, koma ana ambiri sitinafike m'kalasi. Kunabwera anyamata ndi makina ocheka. Amayi ankakokera matumba ndi mabeseni awo kumsewu, akulira ndi kutukwana. A Namakhwa anafika akuthamanga mmene munthu wa msinkhu wawo angathamangire, n'kukaima atatsamira thunthu la mkuyu, manja atatambasula. Anyamata aja sanawamenye. Awiri anawanyamula bwinobwino ngati mwana, n'kukawakhazika pa chidebe cha wogulitsa makala.

"Pepani a khansala, ife ndi aganyu chabe."

"Ine si khansala," anatero, mwa chizolowezi.

"Ndiye n'chifukwa chake, madala," anayankha mnyamatayo, n'kukoka chingwe cha makina.

Mtengo utagwa anapempha chinthu chimodzi, kuti asiyeko chitsa, monga anachitira anthu a ku Indiyana. Kapitawo anati pamenepo padzadutsa maziko. Chitsacho anachikumba, nkhuni zonse n'kugulidwa ndi owotcha njerwa. Mpanda unamangidwa, pamwamba n'kuzikapo magalasi osweka. Masitolo aja mpaka lero sanathe. Mukasuzumira pa geti mumangoona makoma ofika m'chiuno ndi udzu.

Amayi anabalalika. Ena anakapeza malo ku msika wa ku Limbe, ena anabwerera kumudzi, ena anangosiya. Anachisale analibe kopita, ndiye anayala thumba lawo m'mbali mwa msewu, pa fumbi, pamene tomato amafewa dzuwa lisanafike pamutu, pamenenso amayenera kukhala tcheru kuti akamva kuti kukubwera othamangitsa anyamule zonse n'kuthawa. Mwana wawo womaliza anasiya sukulu chaka chomwecho.

A Namakhwa anadzitsekera m'nyumba kwa kanthawi. Wailesi sinkalira. Kenako m'mawa wina anatuluka atavala jekete, ambulera ili m'manja, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Tsiku loyambalo Anachisale anawayankhula, ndipo akuti amenewo ndiwo anali mawu omaliza kuwauza ali moyo.

"Chotsani chinthu chanucho. Mukufuna anthu aziti chiyani?"

A Namakhwa sanachotse. Anachisale anatembenuka n'kupitiriza kusanja tomato.

Mwana wa a Namakhwa, anti Rozi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera kudzawaletsa. Anati akuchititsa manyazi banja, komanso adokotala ananena kuti asamaime nthawi yaitali. Anabisa ambulerayo pamwamba pa wadiropu. A Namakhwa anabwereka ya amayi anga, yofiira ya maluwa, n'kupita nayo. Anti Rozi atawaona ataima pamsewu ndi jekete yakuda ndi ambulera ya maluwa, anaitsitsa okha yakuda ija. Che Bwanali nawo ankawanyoza kuti munthu mmodzi sangakhale mkuyu, koma masiku ena ndinkawaona atawagwirizira ambulerayo kuti mnzawo apumitse mkono.

Mwezi watha miyendo inatupa, ndipo sankathanso kutsika. Ankakhala pakhonde, mapazi ali pa kampando. Masana ena ndikuchokera ku sukulu anandiitana kuti ndiwathirire madzi akumwa. Sindikudziwa chimene chinandilimbitsa mtima, koma ndinawafunsa.

"Agogo, Lamlungu lija litabwereranso, mungavomere?"

Anamwa madziwo n'kuika kapu pansi. Kenako anati nkhani ya mtengo wa ku Indiyana uja anaikamba moyo wawo wonse ali mkati mwa mthunzi, ndipo sanadzifunsepo kuti kunja kwa mthunziwo kunaima ndani. Eni dziko sanaitanidwe. Akazi panalibe. Munthu wakuda ngati iwo sakanaloledwa ngakhale kuponya voti. Anati amuna aja ankatha kukwera akavalo n'kubwerera kwawo chifukwa anali ndi minda yowadikira, pamene munda wa Anachisale unali mkuyu womwewo.

"Che Bwanali ankanena zoona," anatero. "Koma usakamuuze, angatupe mutu."

"Ndiye mungavomere?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ndikanavomera teremu yachiwiri, akanabweranso kudzagwada pa yachitatu, poti wa masitolo uja sanafe. Ndiye ndikanachoka liti? Izi ndazitembenuza mbali zonse. Ndinasunga mawu anga, mtengo n'kugwa. Zonse ziwiri ndi zoona."

Ine ndimakhulupirirabe kuti ilipo njira yoti munthu achoke pampando, mtengo n'kutsala uli chiimire. Sindinawauze chifukwa njirayo sindikuidziwa. Iwo anangondifunsa ngati kumsewu kwawala kwambiri dzuwa lero. Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kutseka maso.

Maliro awo anali aakulu, poti theka la dera lino linadutsa m'kalasi mwawo. Kutsogolo kunandandalikidwa mipando ya pulasitiki, ndipo panakhala a tcheya onse, akale ndi atsopano. Mnyamata wa galimoto yoyera analiponso, atavala magalasi akuda, nkhata yake ili yaikulu kuposa zonse. Che Bwanali analozeredwa mpando, koma anadutsa n'kukakhala pa njerwa.

Woyendetsa mwambo anali mlendo, wochokera ku mpingo wa m'tauni. Anayamba bwino, kenako anati, "Tasonkhana kudzaperekeza olemekezeka a khansala athu opuma." Anthu a kuno tinayang'anana. Anabwerezanso. A khansala anali munthu wa anthu, a khansala atisiya manja ali m'khosi. Anti Rozi anangowerama. Palibe amene amadula mawu woyendetsa mwambo pamaliro, makamaka mzimayi wokhala kumbuyo.

Anachisale anali kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi kophikira. Sindinadziwe n'komwe kuti abwera. Ndinangoona aimirira, akumanga chitenje.

"Pepani a mwambo."

Bamboyo anaima, maikolofoni ili pakamwa.

"Pepani kwambiri. Amene agona apowa si khansala. Ukhansala anausiya okha, ife tikuwagwadira pabwalo lino lomwe. Anatikana. Zinatipweteka, mpaka lero zikutipweteka, ndipo ine sindinene bodza pamaso pa bokosi kuti zinatha. Koma dzina limenelo analivula okha, ndipo ife ndi amene tikudziwa mtengo wake. Musawaveke lero poti sangathenso kukana. Ndi a Namakhwa."

Anakhala pansi. Kenako kuchokera pa njerwa paja panamveka mawu a Che Bwanali, osasa ngati a munthu wa chimfine. "Eya. Ndi a Namakhwa." Woyendetsa mwambo anayang'ana ku mipando ya kutsogolo, koma kumeneko aliyense ankayang'ana nsapato zake. Anapitiriza mwambo, ndipo mpaka kumanda sanatchulenso za ukhansala.

Titabwerako, anthu akusamba m'manja pa geti, Anachisale anapita kwa anti Rozi n'kupempha ambulera ija. Sananene chifukwa. Anti Rozi analowa m'nyumba, anaitenga kuseri kwa chitseko n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Lero m'mawa, ndikupita kukabweza mapoto, ndinadutsa pa siteji. Anachisale anali pamalo pawo. Ambulera aimangirira ndi mphira ku nsungwi, nsungwiyo aizika pakati pa miyala. Mthunzi unali pa tomato bwinobwino. Anyamata oitanira minibasi sankaseka.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Nsungwi siyenda, ndiye mthunzi unali utachoka pa tomato, utachokanso pa Anachisale, n'kukagwera pambali. Pamenepo dothi ndi lolimba, losalala, lolowa pang'ono pamene pankaponda nsapato za a Namakhwa, ndipo ngakhale udzu sumera. Kumbuyo kwake kuli mpanda uja, magalasi ake akung'anima. Anachisale anali padzuwa, akuwaza madzi pa tomato ndi dzanja, thukuta likutsika m'khosi. Nsungwi inali pafupi, akanatha kuisuntha osadzuka n'komwe. Sanaisunthe. Mthunzi wonse unali pa kadothi kaja, pamene panalibe munthu.